Malamulo a maboti ongosangalalira: boti analikonza, nanga munthu wokwerayo?

Ukamawerenga malipoti a ngozi za maboti ang'onoang'ono, awa oti anthu amakwera pongofuna kupitidwa mphepo, kukawedza pa wikendi kapena kuthamangitsana pamadzi, chinthu chimodzi chimabwerezabwereza mpaka chimakupweteka mumtima. Anthu ambiri omwe amafa sikuti amakhala agwidwa ndi namondwe pakati pa nyanja yaikulu ayi. Kumakhala kuli bata, gombe likuoneka poteropo, boti ndi laling'ono lopanda denga, ndipo life jacket, jekete yoyandamitsa munthu, ilimo ndithu koma ili pansi pa mpando. Munthu waimirira kuti akoke nangula, boti lapendekeka, wagwera m'madzi, basi zathera pomwepo. Nde munthu umadzifunsa kuti malamulo onse omwe akhala akulembedwa kwa zaka zoposa 100 aja agwira ntchito yanji?

Agwira ntchito yaikulu, zimenezo tisakane. Koma ine mmene ndikuonera, mphamvu zambiri zinapita pokonza botilo, chifukwa boti umatha kuliyeza ku fakitale nkulimata chizindikiro, pomwe munthu wokweramo sungamuyeze choncho. Boti la lero ndi labwino kutalitali poyerekeza ndi la m'ma 1960. Imfa zomwe zatsala zambiri zikuchokera pa zomwe munthu wachita kapena sanachite, ndipo apa mpomwe maboma akhala akuzengereza.

Tiyambire kumbuyo pang'ono. Malamulo a panyanja sanayambe poganizira munthu wa kaboti kake. Sitima ya Titanic itamira mu 1912, maiko anakumana ku London nkulemba pangano la chitetezo cha anthu panyanja lotchedwa SOLAS mu 1914, ndipo lakhala likulembedwanso kangapo mpaka la 1974 lomwe likugwirabe ntchito pano pansi pa IMO, bungwe la maiko loona za maulendo a panyanja. Koma limeneli ndi la sitima zikuluzikulu zonyamula anthu ndi katundu, wa boti losangalalira limamukhudza pa mutu wachisanu pokha, pomwe pali zinthu ngati kukonzekera ulendo usananyamuke, kuthandiza mnzako yemwe ali pangozi, komanso kusaseweretsa zizindikiro zoitanira thandizo. Lomwe limagwira aliyense mosasankha ndi COLREGs, malamulo opewera kugundana, omwe anavomerezedwa mu 1972 nkuyamba kugwira ntchito mu 1977. Lamulo nambala 5 limati uziyang'ana ndi kumvetsera nthawi zonse, nambala 6 limati sipidi yako ikhale yoti utha kuima kapena kupewa. Kaya uli pa sitima ya mamita 300 kaya pa kaboti ka mamita anayi, awiriwa ndi ako.

Dziko lomwe mbiri yake imaoneka bwino ndi America, chifukwa kuli maboti olembetsedwa oposa 11 miliyoni ndipo akhala akuwerenga ngozi chaka ndi chaka kwa nthawi yaitali. Lamulo lawo loyamba la maboti a injini ndi la 1910, linkafuna nyali, wenzulo, zoyandamira ndi njira yozimitsira moto. La 1940 linawonjezera nkhani ya petulo, ndipo apa ndiime kaye chifukwa anthu ambiri sadziwa kuti nchifukwa chani boti limaphulika pomwe galimoto siiphulika. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya wamba. Pa galimoto imangotsika nkumwazika pamsewu, koma boti pansi pake ndi potseka, nde nthunzi ija imakakhala pansi penipeni pomwe pali injini, kudikira kamoto kakang'ono kochokera ku sitata. Nchifukwa chake pali lamulo la mapaipi olowetsa ndi kutulutsa mpweya, ndipo mpaka lero amaphunzitsa kuti ukathira petulo uyatse kaye fani yotulutsa mpweya kwa mphindi zinayi, utsegule pa injini nkununkhiza ndi mphuno yako, kenako ndiye ulize. Mu 1958 kunabwera lamulo loti maboti azilembetsedwa nkukhala ndi manambala.

Koma onsewa ankangouza mwini boti zoti anyamule. Wopanga boti ankapanga mmene wafunira. Nkhondo yachiwiri itatha kunabwera fibreglass, injini zomangirira kumbuyo zinatsika mtengo, anthu wamba anayamba kugula maboti mwaunyinji, nazonso imfa zinakwera. Mu 1971 pa maboti 100,000 aliwonse olembetsedwa pankafa anthu 20.6, ndipo mu 1973 anafa anthu 1,754 chaka chimodzi chokha. Federal Boat Safety Act ya 1971 ndi yomwe inasintha zinthu, chifukwa inapatsa a Coast Guard, olondera pamadzi a boma la America, mphamvu zolamula mafakitale. Kuyambira 1972 boti lililonse limakhala ndi nambala ya zilembo 12 kumbuyo kwake, kuti ngati papezeka vuto pa mtundu wina wa boti kampani ikakamizidwe kuwaitanitsa onse nkuwakonza. Maboti osafika mapazi 20, omwe ndi mamita 6 ndi kachidutswa, anayamba kukhala ndi kachikwangwani pafupi ndi woyendetsa konena kuti mulowe anthu angati, katundu wolemera bwanji, injini isapose mphamvu zingati.

Chomwe ine ndimachiona ngati chanzeru kuposa zonse ndi lamulo la thovu louma lija amalibisa mkati mwa thupi la boti. Poyamba ankangofuna kuti boti likadzaza madzi lisamire lonse. Kenako anaona kuti sizokwanira, chifukwa injini imalemera kumbuyo nde boti limaimirira nkutsala kamphuno kokha pamwamba, koterera, kopanda pogwira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 analamula kuti maboti ang'onoang'ono a injini yakunja aziyandama chogona olo atadzaza madzi, kuti anthu athe kukhalabe mkatimo theka la thupi lili kunja kwa madzi, komanso owafunafuna awaone patali. Wogula boti sadziwa nkomwe kuti thovulo lilipo, safunika kukumbukira kanthu, limangogwira ntchito pa tsiku loipalo. Zotsatira za zonsezi zikuoneka, mu 2023 ku America kunafa anthu 564, pafupifupi 4.9 pa maboti 100,000 aliwonse.

Ku Ulaya anadzera njira ina. Lamulo lawo la 1994, Recreational Craft Directive, lomwe linayamba kukakamiza mu 1998 nkulembedwanso mu 2013, cholinga chake choyamba chinali malonda, kuti boti lopangidwa ku Italy ligulitsidwe ku Sweden popanda kuyesedwanso. Limakhudza maboti a mamita 2.5 mpaka 24 ndipo limawaika m'magulu anayi. Gulu D ndi la madzi odekha, mafunde osaposa mamita 0.3, gulu C mafunde mpaka mamita awiri, B mpaka mamita anayi, ndipo A ndi loposera apo. Chilembocho chimalembedwa pa botilo pamodzi ndi chizindikiro cha CE. Ndi dongosolo labwino, koma ntchito yake imathera pa tsiku logulitsa. Palibe yemwe amakuletsa kutenga boti la gulu D nkupita nalo komwe kuli mafunde a gulu B, ndipo nkhani ya woyendetsa inasiyidwa kwa dziko lililonse palokha. Ku France umafunika laisensi injini ikaposa mphamvu za mahatchi (horsepower) 6, ku Germany ikaposa 15, ku Britain munthu atha kugula boti lamphamvu lero nkupita nalo panyanja mawa opanda pepala lililonse, amadalira maphunziro ongodzipereka a RYA, bungwe la oyendetsa maboti la kumeneko. Canada inayamba khadi la woyendetsa mu 1999 ndipo pofika 2009 linali la aliyense.

Pali malamulo enanso omwe sanachokere ku boma konse, anachokera ku mipikisano ya maboti a matanga. Mu Ogasiti 1979 pa mpikisano wa Fastnet, pakati pa England ndi Ireland, ananyamuka maboti 303 nkukumana ndi namondwe usiku, anthu 15 a mu mpikisanowo anafa. Chomwe chinadzidzimutsa ofufuza ndi choti maboti 24 anasiyidwa ndi eni ake omwe anathawira m'timaboti topopa, koma 19 mwa amenewo anadzapezeka akuyandamabe, pomwe ena mwa omwe anathawira m'topopamo ndi omwe anafa. Kuchokera apo phunziro linakhazikika loti usachoke m'boti pokhapokha likumiradi. Mu 1998 mpikisano wa Sydney kupita ku Hobart unataya anthu 6, ananyamuka maboti 115 nkufika 44 okha, ndipo zitatero anakhwimitsa maphunziro a kapulumukidwe panyanja kwa okwera. Zambiri zomwe anthu oyenda maulendo ataliatali amatsata lero, malamba odzimangirira ku boti, matanga a namondwe, kayezedwe koti boti likatembenuka lidzukanso kapena ayi, zinakula kuchokera m'malipoti a ngozi ngati zimenezi. Nzomvetsa chisoni kuti pafupifupi lamulo lililonse pa nkhaniyi lili ndi maliro kumbuyo kwake.

Tsopano tifike pa munthu. Mu lipoti la Coast Guard la 2023, mwa omwe chifukwa cha imfa chinadziwika, 75 pa 100 anamira, ndipo mwa omirawo 87 pa 100 sanavale life jacket. Manambala amenewa sasuntha kwenikweni, chaka ndi chaka amangozungulira pomwepo. Mowa ndi womwe umatsogola pa zifukwa zodziwika, 17 pa 100 ya imfa za chaka chimenecho, chikhalirecho malire a mowa m'magazi kwa woyendetsa boti ndi 0.08 mofanana ndi pamsewu. Ndipo pamadzi mowa umapha olo usakuyendetsa, wokwera woledzera yemwe wagwa m'madzi samathandizidwa ndi kuti woyendetsayo sanamwe.

Anthu ambiri amati ine ndimatha kusambira, jekete ndi ya ana. Vuto ndi loti kugwa mwadzidzidzi m'madzi ozizira si kusambira. Mphindi yoyamba thupi limadzidzimuka, umakoka mpweya mwamphamvu osafuna, ndipo ngati mutu uli pansi pa madzi nthawi imeneyo umakoka madzi. Kenako umapuma mothamanga osatha kudziletsa, mtima ukugunda kwambiri. Ukapulumuka apo, uli ndi mphindi mwina 10 manja asanafooke moti sungathenso kugwira chingwe kapena kumanga lamba, wofufuza wa ku Canada Gordon Giesbrecht ndi yemwe anatchukitsa kafotokozedwe ka 1-10-1, mphindi imodzi yoti upume bwino, mphindi 10 zoti manja agwire ntchito, ola limodzi usanakomoke ndi kuzizira. Ola limenelo umalipeza ngati pali chokuyandamitsa. Nde taganizani munthu akuyesa kuvala jekete ali kale m'madzi, ikuyandama kumuthawa, zala zauma, boti likutengedwa ndi mphepo. Lamulo loti jekete ikhale m'boti, osati pathupi, limaganiza kuti ngozi imapereka nthawi, pomwe pa boti laling'ono siipereka.

Ena analimba mtima. Tasmania, chigawo cha ku Australia, inalamula mu 2001 kuti aliyense avale pa maboti a injini osafika mamita 6. Ireland inatero mu 2005 pa maboti osafika mamita 7, Norway mu 2015 pa osafika mamita 8. Chitsanzo chomwe chinafufuzidwa bwino ndi cha Victoria ku Australia, komwe lamulo linayamba mu Disembala 2005 pa maboti a mamita 4.8 kutsika pansi. Zaka 6 lamulo lisanabwere anamira anthu 59, zaka zisanu zotsatira anamira 16. Pomwe ku America lamulo la boma lalikulu limangokakamiza ana osafika zaka 13, akuluakulu zili kwa iwo. Otsutsa amati pamadzi ndi malo omasuka, munthu wamkulu adzisankhire yekha, komanso apolisi a pamadzi ndi ochepa sangaone aliyense. Mfundo ya ufuluyo ndimaimva ndithu, ndipo sindikuganiza kuti munthu yemwe wagona mkati mwa boti lalikulu la zipinda azivala jekete. Koma pa boti laling'ono lopanda denga lomwe likuyenda, ine ndili mbali ya lamulo. Wofayo sasankhira iye yekha, pali ana omwe anali naye m'botimo, pali anthu omwe akamufunefune usiku. Komanso dandaulo lakale loti jekete ndi yotentha ndi yolemera linachepa mphamvu, zilipo zodzipopa zokha zikakhudza madzi zomwe zimangokhala ngati kolala, bola uzionetsetsa kuti kabotolo ka gasi ndi kodzaza ndipo nkomangika bwino.

Nkhani ina yofanana ndi ya kill cord, kachingwe kofiira kopotanapotana komwe mbali ina umakoleka pa switchi ya injini, mbali ina pa mwendo kapena pa jekete. Ukagwa, kamazuka, injini nkuzima. Popanda iko, boti lomwe latsala lopanda munthu silipita kutali, mphamvu ya pulopela imakhotetsa injini mbali imodzi nde limayamba kuzungulira pa sipidi yomweyo nkubwerera pomwe pali anthu m'madzi paja. Zinachitika ku Padstow ku England mu 2013, banja lonse la anthu 6 linagwa m'boti pokhota, bambo ndi mwana wamkazi anafa, ndipo ofufuza ngozi za pamadzi a boma, a MAIB, anapeza kuti woyendetsa sanakoleke chingwecho. Kachipangizoka kakhalapo kwa zaka zambirimbiri, koma ku America lamulo loti uzikagwiritsa ntchito linayamba pa 1 Epulo 2021, pa maboti osafika mapazi 26 akamathamanga.

Nanga kutsogoloku? Choyamba ndi choti zinthu zoyenda pamadzi zikubadwa msanga kuposa malamulo. Ku Britain khoti la apilo linagamula mu 2005 kuti jet ski, njinga yamoto ya pamadzi ija, si sitima malinga ndi lamulo lawo, nde woyendetsa mosasamala samatha kuzengedwa mlandu ndi lamulo la sitima, ndipo mpata umenewu unadzatsekedwa mu 2023, patapita zaka 18. Mathabwa opalasa choimirira aja a Coast Guard anawaika m'gulu la maboti mu 2008 akakhala kunja kwa malo osambirira, koma munthu yemwe wagula lake lopopa pa intaneti sadziona ngati woyendetsa boti. Mu Okutobala 2021 anthu anayi anafa ku Haverfordwest ku Wales pa ulendo wa mathabwa amenewa atagwera pa khoma lotchinga mtsinje madzi atasefukira. Pano kwabweranso mathabwa a batire omwe amanyamuka pamwamba pa madzi, achangu komanso opanda phokoso moti wosambira samawamva akubwera.

Chachiwiri, woyendetsa wa masiku ano nthawi zambiri si mwini boti. Malamulo akale ankaganizira munthu yemwe ali ndi boti lake, amalidziwa, anaphunzira pang'onopang'ono. Pano umabwereka pa foni kwa maola atatu, akulongosolera mphindi zochepa pa doko nkukupatsa kiyi. Mu 2020 nthawi ya Covid anthu atathamangira kumadzi, imfa ku America zinakwera kufika 767, pafupifupi 25 pa 100 kuposa chaka chapitacho. Zigawo ngati New York ndi California zinafika poti kuyambira Januwale 2025 woyendetsa boti la injini wa msinkhu uliwonse akhale ndi satifiketi ya maphunziro, ndipo Florida mu 2022 inakhwimitsa malamulo a obwereketsa. Ine ndikuona kuti udindo waukulu uyenera kugwera wobwereketsayo, chifukwa ndi yekhayo yemwe amadziwa botilo, madziwo ndi nyengo ya tsikulo. Ndipo mayeso a pa kompyuta okha sakwanira, kudziwa mbali yodutsira mnzako ndi kwina, kuimitsa boti pafupi ndi munthu yemwe ali m'madzi osamupweteka ndi pulopela ndi kwinanso.

Mabatire a lithium nawo abweretsa moto wa mtundu wina, woti ukayamba umadzidyetsa wokha ndipo chozimitsira wamba sichiuthetsa. Bungwe la ku America la ABYC, lomwe lakhala likulemba miyezo ya opanga maboti kuyambira 1954, linatulutsa muyezo wa mabatirewa mu 2022, koma ovuta ndi omwe anthu amadziikira okha m'maboti akale, ndi timabatire ta zoseweretsa tomwe timatchajidwa usiku m'chipinda anthu atagona.

Ku mbali ya kuitana thandizo ndiye zinthu zapita patsogolo kwambiri. Dongosolo la masetilaiti la Cospas-Sarsat linapulumutsa anthu koyamba mu 1982, ndipo kuyambira 2009 limamvera zipangizo za 406 MHz zokha, zomwe zimanena kuti ndiwe ndani komanso uli pati. Lero kachipangizo kotere kamakwana m'thumba la jekete, ndipo kuyambira 2020 masetilaiti a Galileo amatha kukayankha, kanyali nkuyaka kukudziwitsa kuti uthenga wako wafika. Wailesi ya VHF ili ndi batani lofiira lomwe limatumiza malo ako lokha, kuwonjezera pa tchanelo 16 yoitanirapo thandizo ndi mawu. Kill cord nayo ilipo yopanda chingwe, umangovala ngati wotchi, ukagwa m'madzi injini imazima. Zoterezi ndi zomwe ndimaziyembekezera kwambiri chifukwa zikutsata nzeru ya thovu lija, kuteteza munthu osadalira kuti akumbukire. Zomwe zimandidetsa nkhawa ndi zoyendetsa zokha, maboti odziimika pa doko, makamera ozindikira zopinga, mapu a pa sikirini. Nzothandiza, koma kusayang'ana kutsogolo kuli kale pakati pa zifukwa zikuluzikulu za ngozi, ndipo lamulo nambala 5 silinanene kuti kamera ikuyang'anire. Boti lodziyendetsa likagunda munthu, mlandu ndi wa yemwe anali pa chiwongolero kapena wa kampani yomwe inalemba pulogalamu? IMO ikulimbana ndi funso limeneli pa sitima zazikulu, ndipo maboti osangalalira adzafunika yankho lawolawo.

Pali nkhaninso ya ndalama yomwe anthu saikamba kawirikawiri. Ku America mbali yaikulu ya ndalama zolipirira maphunziro a chitetezo ndi olondera pamadzi m'zigawo imachokera ku thumba lomwe linakhazikitsidwa mu 1984, lomwe limadalira kwambiri msonkho wa mafuta a maboti. Wa kayak, kabwato kopalasa kaja, ndi wa thabwa lopalasa sagula petulo, m'zigawo zambiri salembetsanso nkomwe, wa boti la batire nayenso sagula, koma onsewa akachita ngozi opulumutsa ndi omwe aja. Kusalembetsako kumasokonezanso chiwerengero, chifukwa wa kayak akafa amawerengedwa pa imfa koma kayak yakeyo nthawi zambiri siili pa maboti olembetsedwa omwe amagawira imfazo. Opalasa amakana zolembetsa, amati kabwato kopanda injini sikaopseza munthu wina aliyense, ndipo pa mfundo imeneyo akunena zoona. Koma maboti a petulo akamachepa, ndalama za wolondera yemwe amaima pa doko nkufunsa kuti jekete yanu ili kuti zidzayenera kuchokera kwina, ndipo aphungu adzafunika kusankha ngati ndi kwa opalasawo, kwa ogulitsa zipangizo kapena ku msonkho wa aliyense.